Wakutsina Khutu: Mpando wa Mtsogoleri wa Otsutsa ndi wa Yani?

Mwezi watha tinaika maliro a mdala wina kuno ku Shikoswe. Kwawo kunali ku Katete, koma anabwera ku Kafue m'zaka za m'ma 1970, pamene mafakitale a nsalu ndi feteleza anali kulemba anthu ntchito, ndipo sanabwererenso kumudzi. Monga mudziwa, maliro a munthu wa kum'mawa sakwanira ngati ambuya athu Abemba sanafike. Anafika kusanache ndi phokoso lawo lonse. Anatipaka ufa kumaso, natinyoza kuti ndife akudya mbewa, ife n'kuwabwezera ndi nkhani ya anyani. Koma ndi iwo omwewo amene anawaza nkhuni, kuphika nsima, kuyendetsa mbale ya chipepeso ndi kugwira fosholo kumanda.

Bokosi litatsitsidwa, mayi wina wachikulire wachibemba anapempha kulankhula. Anayang'ana ana a malemu, amene anabwera kuchokera ku Lusaka ndi magalimoto onyezimira, nati: "Ana inu, bokosi ili n'lokongola kuposa bedi limene atate anu anali kugonapo. Ndalama za maluwa awa zikanabwera chaka chatha, zikanagula bulangete ndi mankhwala." Anthu anayamba kuseka, koma kusekako kunathera pakhosi, chifukwa komboni yonse inali kudziwa kuti mayiwo sananame. Palibe wachibale amene akanalankhula mau amenewo popanda kuutsa ndewu. Abusa nawonso anawalambalala mu ulaliki wawo. Mwana woyamba anangoweramitsa mutu. Sanawathamangitse mayi aja, ndipo sakanatha kutero, pakuti mwambo wa chimbuya unawapatsa pakamwa pamene iye alibe mphamvu yotseka.

Pobwerera ndinakwera minibasi. Dalaivala anali atatsegula wailesi, ndipo aphungu anali kukangana ku Nyumba ya Malamulo. Kondakitala anapukusa mutu nati: "Awa otsutsa ndiye anapeza ntchito. Boma likati kumanzere, iwo ati kumanja, mwezi ukatha alandira malipiro pa msonkho wathu." Basi yonse inaseka. Ine ufa wa ambuya unali ukali m'tsitsi, ndipo mau a mnyamatayo anandikhala mumtima. Funso lake si lachibwana. N'chifukwa chiyani dziko losauka lizilipira munthu kuti azikana? Malamulo aakulu a dziko lathu ali ndi udindo wotchedwa Mtsogoleri wa Otsutsa. Kodi mpando umenewu ndi wa yani, ndipo wokhalapo amagwirira ntchito yani?

Mpandowu sunabadwire kuno. Tinaulandira kwa Angelezi pamodzi ndi mkanjo wa Sipikala. Kwawoko nako sunabwere mosavuta, chifukwa kwa nthawi yaitali kutsutsa nduna za mfumu kunali kuonedwa ngati kupandukira mfumu yeniyeniyo. Mu 1826 phungu wina, John Cam Hobhouse, polankhula m'nyumba ya malamulo ku London, anatcha a mbali yake kuti ndi otsutsa a Mfumu, monga mmene nduna zimatchedwira kuti ndi nduna za Mfumu. Ananena moseka, koma dzinalo linakakamira, chifukwa linanyamula ganizo latsopano, lakuti munthu angathe kukana boma koma osakana dziko. Canada inayamba kulipira mtsogoleri wa otsutsa mu 1905, ndipo Britain inatsatira mu 1937. Potero maikowo anavomera kuti kufunsa boma mafunso ndi ntchito ya dziko, monga mmene kumanga misewu kulili.

Kuno kwathu, dzina limene limakumbukika pa mbali yotsutsa m'zaka zoyamba za ufulu ndi la a Harry Mwaanga Nkumbula. Anabadwa mu 1916 ku Maala, m'boma la Namwala, m'madambo a mtsinje womwewu wa Kafue umene umadutsa pansi pa ulalo wathu. Anakhala mtsogoleri wa African National Congress mu 1951, ndipo mu 1953 anatentha pagulu chikalata cha Angelezi chokhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mlembi wawo wamkulu anali mphunzitsi wachinyamata, a Kenneth Kaunda. Mu 1955 awiriwa anamangidwa pamodzi miyezi iwiri chifukwa chopezeka ndi mabuku oletsedwa. Mu 1958 anapatukana. A Kaunda ndi anzawo anati mdalayo wafooka, nayambitsa chipani chawo, chimene pambuyo pake chinabala UNIP. Pa masankho a January 1964, UNIP inatenga mipando 55, ANC inatenga 10, ndipo mipando ina 10 inali yosungidwira azungu. Mbendera itakwera pa 24 October chaka chomwecho, amene anayambitsa nkhondo ya ufulu anapezeka ku mbali yotsutsa, mlembi wawo wakale ali ku State House.

Pa masankho a December 1968 ANC inakula, nipeza mipando 23 mwa mipando 105, makamaka ku Chigawo cha Kumwera ndi ku Barotse. Munthu akanaganiza kuti mau ake alemera. Koma nyumba itakumana, Sipikala watsopano, a Robinson Nabulyato, amene kale anali mlembi wa Congress yomweyo, anakana kuizindikira ANC ngati chipani chotsutsa chovomerezeka. Anati aphungu ake ndi ochepa, sangakwanitse paokha chiwerengero chofunika kuti nyumba ikhale, ndipo sangathe kupanga boma. Aphunguwo sanathamangitsidwe, anapitiriza kukhala ndi kulankhula. Chimene chinachotsedwa ndi dzina chabe. Komabe phunziro linamveka bwino: anthu angakuvotereni kuti mukatsutse, koma chilolezo chotsutsira chili m'manja mwa ena, ndipo angakumaneni.

Tisafulumire kuweruza a Kaunda ngati kuti analibe zifukwa. Dziko linali litazunguliridwa. Kumwera kunali Rhodesia ya Ian Smith, imene inadzilengeza yokha ufulu mu 1965. Ku Mozambique ndi ku Angola kunali Apwitikizi, ndipo kumbuyo kwa onsewo kunali South Africa ya tsankho. M'kati mwa dziko, zipani zinali kutsata mitundu ndi zigawo, achinyamata a UNIP ndi a ANC anali kumenyana, ndipo anthu anali kufa. Mu 1971 a Simon Kapwepwe, mnzawo wa paubwana wa a Kaunda, amene anakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anachoka napanga chipani cha UPP, napambana mpando wa Mufulira West. A Kaunda anaona ngati nsalu yayamba kung'ambika. Panalinso chiphunzitso chimene atsogoleri ena a mu Africa, monga a Julius Nyerere a ku Tanzania, anali kufalitsa, chakuti makolo athu sanali kudziwa zipani, anali kukhala pabwalo n'kukambirana mpaka atagwirizana. Kwa iwo chipani chotsutsa chinali chovala cha ku Ulaya chosayenera thupi lathu.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Mu February 1972 UPP inaletsedwa, ndipo a Kapwepwe ndi anzawo oposa 100 anatsekeredwa. Komiti ya a Mainza Chona inazungulira dziko kufunsa anthu mmene boma la chipani chimodzi liyenera kukhalira, koma sinaloledwe kufunsa ngati anthu akulifuna. A Nkumbula anapita ku khoti, nagonja. Pa 13 December 1972 Zambia inakhala dziko la chipani chimodzi. Mu June 1973, ku Choma, a Nkumbula anasaina pangano lolowa mu UNIP pamodzi ndi owatsatira. Ena amati anapulumutsa dziko ku nkhondo ya mitundu, ena amati anatopa. Mwina zonse ziwiri n'zoona. Chodziwika n'chakuti mu 1978, pamene iwo ndi a Kapwepwe anayesa kupikisana ndi a Kaunda m'kati mwa UNIP momwemo, malamulo a chipani anasinthidwa, ndipo onse awiri analetsedwa kuima. Anauzidwa kuti bwerani mudzatsutsire m'nyumba, koma atalowa anapeza kuti m'nyumbamo namonso mulibe mpando wa wotsutsa.

Kwa zaka 18 mpandowo unasowa, koma kutsutsa sikunafe. Kunangosamuka. Kunapita ku mabungwe a anthu apantchito, kumene a Frederick Chiluba anakulira. Kunapita m'makalata a mabishopu, kwa ophunzira a pa yunivesite ya Zambia, m'mabawa ndi m'mizere ya shuga ndi mafuta ophikira. Aphungu ena a UNIP anali kulankhula molimba mtima ndithu, koma panalibe gulu limene anthu akanaloza n'kunena kuti awa akalephera tiika awa. Motero mtengo wa ufa, nkhani imene ikanathera m'mikangano ya ku Manda Hill, inakathera m'misewu. Mu December 1986 ku Copperbelt kunabuka zipolowe, anthu anafa. Mu June 1990 zinabukanso ku Lusaka, ndipo pa 30 June msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Sizinatheke, koma anthu anali atatuluka kale kukavina m'misewu. Boma limene linatseka pakamwa pa wotsutsa linakhala lomaliza kumva kuti anthu atopa nalo.

Tibwerere ku chiphunzitso chija cha pabwalo, chifukwa mpaka lero chimamveka. N'zoona kuti makolo anali kufuna kugwirizana. Koma aliyense amene anakhalapo pa mlandu wa kumudzi adziwa kuti kugwirizanako kumabwera kumapeto, mbali zonse zitalankhula, ndipo kawirikawiri zitalankhula mowawa. Pa ukwati, mwamuna ali ndi nkhoswe yake, mkazi ali ndi yake, ndipo nkhoswe ya mkazi sisankhidwa ndi mwamuna. Mfumu ikamalongedwa ufumu, akuluakulu amailanga pamaso pa anthu. Mwambi wathu umati wakutsina khutu ndi mnansi. Chimbuya chimene ndinaona kumanda chija chinachokera ku nkhondo zimene Angoni ndi Abemba anamenyana m'zaka za m'ma 1800. Makolo sananamizire kuti udani kulibe. Anaupangira malamulo, nasandutsa mikondo kukhala mau, ndipo anauza mbali zonse kuti amene akukunyozayo ndi yemwe adzakuika m'manda. Choncho si zoona kuti kutsutsa kotetezedwa ndi mwambo n'kwachilendo kwa ife. Chachilendo ndi mfumu yosalangika.

Zipani zambiri zinabwerera mu December 1990, ndipo pa 31 October 1991 MMD inapambana mipando 125 mwa 150. UNIP inatsala ndi 25, yambiri mwa iyo ya ku Chigawo cha Kum'mawa. A Kaunda anavomera kugonja, ndipo pa ichi dziko liyenera kuwathokoza. Koma taonani mmene zinthu zinatembenukira. Mu 1996 boma la a Chiluba, lodzaza ndi anthu amene dzulo lake anali kulirira ufulu wolankhula, linasintha malamulo aakulu kuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'dziko muno asaime pa upulezidenti. Aliyense anadziwa amene anali kumulinga. UNIP inanyanyala masankho a chaka chimenecho, ndipo MMD inatenga mipando 131. Pa Khrisimasi ya 1997 a Kaunda anamangidwa, powaganizira kuti anali ndi mbali pa kuyesa kulanda boma kumene kunachitika mu October. Munthu amene anachotsa mpando wa wotsutsa anafika pousowa yekha. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kenaka panatulukira njira ina yofooketsera otsutsa, yopanda ndende ndi unyolo. Pa masankho a 2001 zipani zotsutsa pamodzi zinapeza aphungu ambiri kuposa MMD, imene inapeza 69, pamene UPND ya a Anderson Mazoka inapeza 49. A Levy Mwanawasa anapatsa unduna aphungu ena a mbali yotsutsa. A Michael Sata, amene anakhala zaka khumi akudzudzula maboma a MMD, atalowa m'boma mu 2011 anachitanso chimodzimodzi ndi aphungu ena a MMD. Ochita zimenezi amati akugwirizanitsa dziko, ndipo mwina nthawi zina amatero ndi mtima woona. Koma wovota amene anaima pa mzere kuyambira mbandakucha kuti atumize munthu wokafunsa mafunso, amadzuka tsiku lina n'kupeza kuti munthu wake uja ali m'galimoto ya mbendera, akuyankha m'malo mwa boma.

Udindo wa Mtsogoleri wa Otsutsa unalembedwa momveka m'malamulo aakulu pamene anasinthidwa mu January 2016. Gawo 74 likunena kuti chipani chotsutsa chimene chili ndi mipando yambiri m'nyumba ndicho chimasankha mtsogoleriyo pakati pa aphungu a mbali yotsutsa. Apa pali chinthu chimene ambiri sazindikira. Ku Britain mtsogoleri wa otsutsa ndi yemwe amadzakhala nduna yaikulu chipani chake chikapambana, ndipo amayang'anizana ndi mnzakeyo maso ndi maso. Kuno pulezidenti sakhala phungu, ndipo wogonja pa upulezidenti sakhalanso m'nyumbamo. A Sata pa zaka zawo zotsutsa anali kunja, ndipo a Hakainde Hichilema sanakhalepo phungu. Motero timakhala ndi atsogoleri awiri a otsutsa. Wina ali pa msonkhano wa pabwalo ndi khamu la anthu koma alibe mpando. Wina ali ndi mpando ku Manda Hill, amafunsa Wachiwiri kwa Pulezidenti mafunso Lachisanu, koma anthu ambiri sadziwa ngakhale dzina lake. Udindo wa wachiwiriyu ndi wosalimba, chifukwa mphamvu yake yonse imadalira kuti aphungu anzake ndi amene anamuika.

Kuyambira 2016 mpaka 2021 mpandowu unali ndi a Jack Mwiimbu, phungu wa Monze Central. Zinali zaka zowawa kwa UPND. Mu April 2017 a Hichilema anamangidwa pa mlandu woukira boma chifukwa cha mkangano wa mdipiti wa magalimoto ku Mongu, ndipo anakhala m'ndende miyezi inayi. Mu June chaka chomwecho Sipikala, a Patrick Matibini, anaimitsa aphungu 48 a UPND kwa masiku 30 chifukwa chonyanyala mau a Pulezidenti Edgar Lungu. Koma zaka zomwezo zinaonetsanso phindu la mbali yotsutsa. Pa 29 October 2020, Bill 10, imene inafuna kusinthanso malamulo aakulu, inapeza mavoti 105 pamene inafunika 111, ndipo inagwa. Kaya munali kuikonda kaya ayi, tsiku limenelo linatsimikiza kuti boma silingasinthe malamulo aakulu palokha. Patangopita milungu iwiri dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole zake za kunja, ndipo ambiri anakumbukira mafunso a ngongole amene anali kufunsidwa m'nyumbamo n'kumaonedwa ngati phokoso chabe.

Mu August 2021 mbali zinasinthana. A Mwiimbu anakhala nduna ya za m'dziko, ndipo a Brian Mundubile a PF, phungu wa Mporokoso, anakhala Mtsogoleri wa Otsutsa. Mu 2022 aphungu 30 a PF anaimitsidwa kwa masiku 30, ndipo amene anali kudandaula mu 2017 ndi amene tsopano anali kufotokoza kufunika kwa mwambo m'nyumba. Mu October 2023 a Miles Sampa, phungu wa Matero, anachititsa msonkhano umene unawasankha kukhala mtsogoleri wa PF, pamene akuluakulu ena a chipanicho anati msonkhanowo ndi wosaloledwa. Patangopita masiku ochepa nyumba inauzidwa kuti a Robert Chabinga, phungu wa Mafinga, ndiwo Mtsogoleri wa Otsutsa m'malo mwa a Mundubile. Mbali ya a Mundubile inati aphungu ambiri a PF sanafunsidwe, niloza chala boma. Boma linati uwo ndi mkangano wa eni nyumba, ilo mulibemo dzanja lake. Nkhani inapita ku makhoti. Kwa anansi athu ku Malawi nako, pambuyo pa masankho a 2020, a Kondwani Nankhumwa ndi chipani chawo cha DPP anakokanakokana m'makhoti pa funso lomweli.

Amene analakwa pa nkhani imeneyo aweruzidwe ndi makhoti. Chimene chikundikhudza ine ndi funso limene lakhala likubwerera kuyambira 1969 mpaka lero: kodi wotsutsa amasankhidwa ndi yani? Yankho langa n'lakuti angasankhidwe ndi wina aliyense kupatula amene akutsutsidwayo. Ana a malemu aja akanakhala ndi mphamvu yosankha mbuya wolankhula kumanda, akanasankha woyamikira bokosi. Mau ake akanakhala okoma, maliro akanatha mwaulemu, ndipo palibe chimene akanamva. Wotsutsa amene boma limamukonda, kaya linamugula, kaya linangomuthandiza kukwera, ndi woopsa kuposa mpando wopanda munthu. Mpando ukakhala wopanda munthu aliyense amaona kuti china chake chikusowa, koma ukakhala ndi munthu wogwedeza mutu timadzinamiza kuti mafunso afunsidwa. N'chifukwa chake boma lanzeru liyenera kukhala kutali ndi mikangano ya chipani chotsutsa, ngakhale pamene mikanganoyo ikulipindulira, makamaka pamenepo.

Wina anena kuti fanizo langa likutsimphina, ndipo ndivomera. Mbuya safuna nyumba yako, koma mtsogoleri wa otsutsa amafuna mpando wa amene akumudzudzulayo. Sakutsina khutu chifukwa cha chikondi. Akaona dzenje pa msewu amasangalala mumtima chifukwa lamupatsa chonena. Tingakhulupirire bwanji munthu wotere? Ndikuganiza kuti sitifunika kukhulupirira mtima wake. Amene adziwa bwino malire a munda wako ndi mnansi amene amausirira. Njala ya mpando ndi imene imamukhazika usiku kuwerenga lipoti la wofufuza ndalama za boma, pamene ife tagona. Makolo a ndale za nyumba ya malamulo sanayembekezere angelo. Anatenga kusirira, chinthu chimene kwina chimabala zipolowe ndi mfuti, nachimangirira ku ntchito yothandiza. Ntchito yathu ndi kuyesa mau ake: kodi ndalama akunenazo zinasowadi? Ngati zinasowa, chifukwa chimene wanenera sichichepetsa kusowako.

Koma kondakitala uja sanalakwe kwathunthu, chifukwa mpandowu uli ndi malamulo akenso. Mbuya amanyoza, koma amakumbanso manda. Wotsutsa amene amakana chilichonse, ngakhale chimene iye mwini analonjeza pa kampeni, amatsitsa mtengo wa mau ake, ndipo tsiku limene adzanene zoona palibe adzamve. Ana akalowa sukulu osalipira, monga zakhalira kuyambira 2022, wotsutsa woona amavomera kuti ichi n'chabwino, kenaka amafunsa za madesiki ndi aphunzitsi. Mbuya amanena zoona zowawa, sapeka bodza. Satentha nyumba ya maliro, ndipo sanyanyala n'kupita kwawo chifukwa anamuyankha mwano. UNIP itanyanyala mu 1996 inali ndi dandaulo lomveka, koma anthu ake anakhala zaka zisanu opanda owalankhulira, ndipo chipanicho sichinabwererenso pa mphamvu yake yakale. Chachikulu pa zonse, wotsutsa ayenera kulankhula ngati munthu amene mawa adzafunsidwa kuchita zimene akunenazo, ndi kukumbukira kuwawa kwa mpando wake akadzawolokera tsidya linalo. Pa mayeso omalizawa, UNIP, MMD ndi PF zinagwa, ndipo UPND ikuwalemba tsopano.

Zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Kafue? Mu 2016 ndiponso mu 2021 tinasankha mayi Mirriam Chonya a UPND kukhala phungu wathu. Zaka zisanu zoyamba anali ku mbali yotsutsa, ndipo mu 2021 anapezeka ku mbali ya boma. Munthu anali yemweyo, tauni inali yomweyo, koma malo okhala anasintha. Phungu wa chipani cholamula angatsegule zitseko zambiri, koma pali mafunso amene phungu aliyense wa mbali imeneyo, wa chipani chilichonse, amavutika kufunsa mokweza, chifukwa ndi mmene zipani zimayendera. Mafunso otere sitisowa. Mu 2024 tinagona mumdima maola ambiri, ngakhale kuti magetsi a Kafue Gorge amapangidwa pakhomo pathu. Mu February 2025 damu la zinyalala za asidi linaphulika pa mgodi wina kufupi ndi Chambishi, poizoni nalowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo madzi a ku Kitwe anatsekedwa. Mtsinje umenewu ndi umene asodzi a ku Chanyanya amadyera, ndiponso ndi umene mapampu a ku Iolanda amakankhira ku Lusaka. Amene angaumirire nduna pa nkhani zotere, mlungu ndi mlungu mpaka yankho lituluke, kawirikawiri ndi phungu wa dera lakutali, wa chipani chimene ambiri a ife sitinachivotere.

Apa ndi pamene pali yankho la funso langa loyamba. Mpando wa Mtsogoleri wa Otsutsa si mphoto yopepesera ogonja, ndipo si katundu wa chipani chotsutsa. Ndi wa wovota, ndipo wovota amene amaufuna koposa ndi uja amene chipani chake chikulamula, chifukwa iye anapereka kale voti yake ndipo alibenso chokakamizira mpaka patapita zaka zisanu. Timakondwa tikamva kuti otsutsa agawikana, ngati kuti timu yathu yagoletsa chigoli. Koma amene wataya mlonda tsiku limenelo ndi ife tomwe. Ndalama zimene kondakitala amadandaula nazo n'zochepa poyerekeza ndi zimene zimasowa pamene palibe wofunsa.

Ofuna mavoti akadzabweranso m'makomboni mwathu ndi zitenje ndi nyimbo, tidzawafunsa za madzi, misewu ndi ntchito, ndipo n'koyenera. Tiwonjezerepo funso limodzi: mukapambana, mudzawachita chiyani amene agonja? Tiwafunsenso enawo: mukagonja, mudzakhala pa mpando umene takupatsani, kapena mudzaugulitsa? Ku Shikoswe maliro satha. Tsiku lina adzamwalira ndi Mbemba, ndipo ufa udzakhala m'manja mwathu ife a kum'mawa. Tidzalankhula zimene achibale sangalankhule, ndipo iwo adzaweramitsa mitu osatithamangitsa, chifukwa adziwa kuti dzulo ife tinawamvera.